Kodi Kathole Kayamwa Mokwanira? Yankho Lili m'Dontho la Magazi

Ana inu a ku Durban, mukamapungulira mkaka mu tiyi m'mawa, munayamba mwafunsapo kumene mkakawo umachokera? Pakati pa mzindawu pali doko, sitima zapamadzi ndi nyumba zosanja, koma ng'ombe za mkaka zili kumtunda. Mukatsata msewu wa N3 mumakwera zitunda mpaka ku Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Mukapitirira mufika ku Howick, Nottingham Road ndi Mooi River, dera lozizira lotchedwa Midlands, kumene famu imodzi imatha kukhala ndi ng'ombe zokama mazanamazana. Pajatu ng'ombe siiyamba kukamidwa isanabereke. Ndiye kuti m'mafamu amenewa mumabadwa matole ambirimbiri chaka ndi chaka, ndipo thole lililonse limabadwa ndi vuto limene inu simunabadwe nalo.

Vutolo ndi ili. M'magazi mwanu muli asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kugwira tizilombo toyambitsa matenda. Gulu lalikulu la asilikaliwa akatswiri amalitcha immunoglobulin G, mwachidule IgG. Inu munayamba kulandira asilikali amenewa muli m'mimba mwa amayi anu. Ankadutsa pa nsengwa, n'kulowera pamchombo, moti tsiku lobadwa munafika muli nawo kale okutetezani. Nsengwa ya ng'ombe ndi yosiyana. Ili ndi zikopa zingapo zolekanitsa magazi a mayi ndi a mwana. Chakudya chimadutsa, mpweya umadutsa, koma asilikali aja ndi aakulu, sangadutse. Kathole kamakhala m'mimba masiku pafupifupi 283, ndipo masiku onsewo sikalandira chitetezo cha mayi wake. Kenako phi! kagwera pansi m'khola momwe muli ndowe, matope ndi ntchentche, m'magazi mwake mulibe woteteza. Ana a mbuzi, a nkhosa, a nkhumba ndi a mahatchi nawonso amabadwa chimodzimodzi.

Nanga amapulumuka bwanji?

Kutatsala masabata ochepa kuti ibereke, ng'ombe imayamba kusamutsa asilikali kuchoka m'magazi mwake kupita kubere. Amaunjikana kumeneko, ndipo mkaka woyamba kutuluka umakhala utadzaza nawo. Mkaka umenewu, womwe ena amautcha chithuwi, sufanana ndi wa mu tiyi uja. Ndi wachikasu, wokhuthara, wonanda, moti ukakugwerani pa chala umamata. Lita imodzi ya mkaka woyamba wabwino imakhala ndi magalamu 50 a IgG kapena kuposa, pamene mu lita ya mkaka wamba simukwana ndi galamu imodzi yomwe. Ulinso ndi mafuta ambiri otenthetsa thupi, ndipo zimenezi n'zofunika kwabasi ku Mooi River, kumene m'miyezi ya June ndi July udzu umadzuka utayera mbuu ndi chisanu.

Kufunika kwa mkakawu kunaonekera poyera mu 1922. Akatswiri awiri, Theobald Smith ndi Ralph Little, ankafufuza za matenda a ziweto ku Princeton, m'dziko la America. Iwo anagawa matole ongobadwa kumene m'magulu awiri. Ena anawalola kuyamwa mkaka woyamba, ena anawamana n'kumawapatsa mkaka wamba. Oyamwa aja anakula bwinobwino. Ambiri mwa omanidwa aja anafa pasanathe masiku ambiri, ndipo atawang'amba anapeza kuti kachilombo kotchedwa E. coli, kamene kamakhala m'matumbo, kanali katafalikira thupi lonse.

Mpikisano ndi nthawi

Tsopano mvetserani apa, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Mukadya nyama kapena mazira, mimba yanu imaphwanya chakudyacho kukhala tizidutswa ting'onoting'ono chisanalowe m'magazi. Asilikali a mu mkaka woyamba akaphwanyidwa choncho ndiye kuti atha ntchito. Ayenera kulowa m'magazi ali athunthu. N'chifukwa chake matumbo a kathole kongobadwa kumene amakhala ngati sefa ya maso akuluakulu, imene imalola ngakhale misere kudutsa. Koma maso a sefayi amayamba kuchepa kathole kakangobadwa. Maola awiri oyamba asilikali amalowa ambiri. Pofika maola 6 ayamba kale kuvutika, pofika maola 12 olowa ndi ochepa, ndipo pakakwana maola 24 njira yatsekeka. Kathole kakhoza kumwa chidebe chathunthu pa tsiku lachiwiri, koma asilikaliwo sadzafikanso m'magazi. Adzangothandizako kulimbana ndi tizilombo m'matumbo momwemo.

Pali chinanso choopsa. Nthawi imene matumbo ali otsegula, tizilombo natonso timatha kulowera pomwepo. Kathole kakayamba kunyambita ndowe kapena kuyamwa bere lamatope kasanalandire mkaka woyamba, adani amafika m'magazi asilikali asanabwere.

Alimi odziwa ntchito amakhala ndi lamulo losavuta: kathole kamwe mkaka woyamba wokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, ndipo kamwe msanga. Tiyeni tiwerengere limodzi. Thole la mtundu wa Holstein, ng'ombe zamawanga akuda ndi oyera zija, limabadwa lolemera makilogalamu pafupifupi 40. Gawani 40 ndi 10, mupeza 4. Ndiye kuti malita 4. Ngati lita iliyonse ili ndi magalamu 50 a IgG, tholelo lamwa magalamu 200. Thole la Jersey, ng'ombe zofiirira zamaso aakulu, ndi laling'ono, limalemera makilogalamu pafupifupi 25, choncho malita awiri ndi theka amalikwanira. Komatu pa magalamu onse olowa pakamwa, ofika m'magazi nthawi zambiri sakwana ndi theka lomwe.

Mwina mukuti, "Aa, si kungolisiya tholelo kwa mayi wake, liziyamwa lokha?" Nthawi zambiri zimatheka, makamaka kwa ng'ombe za makolo monga Nguni wa kwa Azulu kapena zebu wa kwathu ku Malawi. Koma ng'ombe za mkaka zili ndi zovuta zake. Ina imakhala ndi bere lalikulu lolendewera pafupi ndi nthaka, ndipo kathole, kali dzandidzandi, kamafunafuna m'mwamba kum'khwapa osalipeza. Ina ndi yoyamba kubereka, imachita mantha n'kumaponda mwana wake. Ina mkaka unayamba kudontha isanabereke, wabwino wonse n'kuthera pansi. Nthawi zina kathole kamabadwa movutikira, n'kugona maola ambiri kali lefu.

Yerekezani m'mawa wina dokotala wa ziweto wafika pakhola n'kufunsa abambo osamalira matole kuti, "Bambo, aka kabadwa usiku kayamwa?"

"Eya adokotala, kayamwa. Ndinakaona ndi maso angawa kali kubere."

"Kamwa malita angati?"

Apa abambo aja angokanda kumutu. Sikuti akunama ayi. Kathole anakaonadi kubere. Koma diso silingayeze kuchuluka kwa mkaka umene wadutsa pakhosi, kapena kudziwa ngati mkakawo unali wamphamvu. Kathole kopanda chitetezo ndi kathole kotetezedwa bwino timaoneka mofanana pa tsiku lachiwiri: tonse tikudumphadumpha, michira ili m'mwamba. Kusiyana kumadzaoneka patapita sabata imodzi kapena ziwiri, kena kakayamba kutsegula m'mimba, kutupa mchombo, kutupa mawondo kapena kudwala chibayo.

Kachipangizo ka kumunda wa nzimbe

Chodabwitsa n'chakuti chida chimene chimayankha funso la adokotala aja, anthu a ku Durban akhala akuchidziwa kalekale pa ntchito ina. Mzindawu ndi kuchimake kwa shuga. Mukatuluka kulowera kumpoto kapena kumwera, mapiri onse ndi nzimbe zokhazokha. Kudoko, ku Maydon Wharf, kuli nkhokwe zikuluzikulu zosungira shuga wopita kunja, ndipo ku Mount Edgecombe kuli malo ofufuzira za nzimbe omwe anayamba mu 1925. Ngakhale dzina la Illovo, lomwe mumaliona pa paketi ya shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi la mtsinje umene uli kumwera kwa Durban.

Mlimi wa nzimbe akafuna kudziwa ngati nzimbe zakhwima, amafinya kadontho ka madzi ake n'kukaika pa chida chotchedwa refractometer. Chimaoneka ngati tochi yaing'ono. Mbali ina kuli kagalasi kopendekeka ndi kachivundikiro, mbali ina kuli posuzumira. Manambala ake amawatcha Brix, potengera dzina la Adolf Brix, katswiri wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800. Brix imodzi imatanthauza galamu imodzi ya shuga m'magalamu 100 a madzi a shugawo. Madzi a nzimbe zokhwima amasonyeza pafupifupi 20.

Nanga za shuga zikugwirizana bwanji ndi matole? Chinsinsi n'chakuti chidachi sichilawa kutsekemera. Chimayeza mmene kuwala kwapindikira. Kuwala kukamachoka mu mpweya kulowa m'madzi kumakhota, ndipo madziwo akakhala ndi zinthu zambiri zosungunukamo, kumakhota kwambiri. Kaya chosungunukacho ndi shuga, kaya ndi asilikali a m'thupi, chida sichisankha. Amene anayambitsa chida cha mtundu umenewu ndi Ernst Abbe, yemwe ankagwira ntchito ndi Carl Zeiss mumzinda wa Jena ku Germany. Ine ndimakayika ngati iye ankaganizako zoti chida chake chidzapezeka m'thumba la ovolosi ya munthu wokama ng'ombe.

Kuyeza koyamba ndi kwa mkaka weniweniwo. Ng'ombe ikangobereka amaitsuka bere n'kuikama msanga, chifukwa akachedwa mkaka wamba umayamba kutsika n'kusungunula woyamba uja. Amadontheza madontho awiri pa kagalasi, kutseka kachivundikiro, n'kulozetsa chidacho kowala. Ukasuzumira umaona bwalo logawika pawiri, kumwamba kwa buluu, kumunsi koyera, ndipo pamene mitundu iwiriyi yakumana pamakhala nambala. Ikakhala 22 kapena kuposa, mkakawo ndi wabwino, woyenera kathole kongobadwa kumene. Ikachepera pamenepo amausungira matole a masiku awiri kapena atatu, ndipo kakhandako amakapatsa wa ng'ombe ina. N'chifukwa chake mafamu ambiri amasunga mkaka woyamba wabwino mu firiji youmitsa, momwe umatha kukhala mpaka chaka. Pousungunula amauviika m'madzi ofunda, osati owira, chifukwa kutentha kwambiri kumapha asilikali aja.

Koma kudziwa kuti mkaka unali wabwino si kudziwa kuti asilikali afika m'magazi. Ndiye pamabwera kuyeza kwachiwiri.

Amasankha kathole kamene katha maola 24 chibadwire koma sikanapitirire sabata imodzi. Munthu wina amakagwira, kukakhotetsa mutu pang'ono kuti khosi litambasuke. Dokotala amadina ndi chala chachikulu m'munsi mwa khosi, ndipo mtsempha waukulu umafufuma, kuoneka bwinobwino pansi pa ubweya. Amapukuta ndi thonje la mankhwala, kubaya singano, magazi ali psuu n'kulowa m'kabotolo kakang'ono ngati chala. Satenga ambiri, supuni yaing'ono imodzi basi. Kathole kamangoti "mee" kamodzi, akakasiya kayamba kale kufunafuna choyamwa.

Kabotolo kaja amakaimika pamthunzi. Pakapita maola angapo magazi amagwirana n'kukhala pansi, pamwamba n'kutsala madzi oyererako achikasu. Ofulumira amaika kabotoloko m'makina okazunguza mwaliwiro, ndipo m'mphindi zochepa magazi alekana. Madzi achikasuwo ndiwo akufunika. Mmenemo muli mapuloteni a m'magazi. Ena kathole kanabadwa nawo, ndipo kuchuluka kwake sikusiyana kwenikweni pakati pa kathole aka ndi ako. Owonjezera pamenepo ndi asilikali ochokera kwa mayi. Choncho dontho limodzi pa kagalasi kaja limaulula zonse: nambala ikakwera, ndiye kuti asilikali analowa ambiri.

Kwa zaka zambiri anthu ankangogawa pawiri. Kathole kokhala ndi magalamu 10 a IgG pa lita ya madzi a magazi kankatengedwa kuti kakhoza, kochepera apo kalephera. Mu 2020 gulu la akatswiri a ku America, lotsogoleredwa ndi Jason Lombard, linaona kuti kungokhoza sikokwanira, chifukwa matole okhala ndi asilikali ochuluka zedi amadwala mwa apo ndi apo kuyerekeza ndi ongodutsa pamzere. Iwo anaika magulu anayi. Pa Brix, nambala yochepera 8.1 ndi yoipa. Kuyambira 8.1 mpaka 8.8 ndi yapakatikati. Kuyambira 8.9 mpaka 9.3 ndi yabwino, ndipo 9.4 kupita m'mwamba ndi yabwino koposa, kusonyeza magalamu 25 a IgG kapena kuposa. Taonani mmene manambalawa ayandikirana! Pakati pa kathole kamene kali pangozi ndi kamene kali pabwino koposa pali kusiyana kongopitirira Brix imodzi. N'chifukwa chake ambiri amakonda chida chamabatire cholemba nambala pa sikirini, ndipo asanayambe amachiyesa ndi madzi oyera kuti aone ngati chikusonyeza 0.

Chidachi chimathanso kupusitsidwa. Kathole kotsegula m'mimba kamataya madzi ambiri, magazi ake n'kukhuthara, ndipo nambala imakwera ngati kali ndi asilikali ochuluka pamene kalibe. Kathole kopitirira sabata nako kayamba kupanga asilikali akeake, ndiye sungadziwenso kuti a mayi ndi ati. Dokotala wanzeru amayang'ana kaye maso ndi khungu la kathole asanakhulupirire nambala.

Njira zina ziliponso. Ina, imene akatswiri a ku Glasgow ku Scotland anaifotokoza mu 1970, ndi yothira madzi a magazi aja m'mankhwala oyera otchedwa zinc sulphate. Asilikali akakhala ambiri, mankhwalawo amachita mbuu, moti ukaika nyuzipepala kuseri kwa kabotolo sungawerenge zilembo. Ukamaziwerenga bwinobwino, dziwa kuti zinthu sizili bwino. Njira yolondola koposa imachitikira ku labotale. Amaboola tizibowo m'mbale ya zinthu zonga jele, n'kudonthezamo madzi a magazi. Pofika mawa lake kuzungulira kabowo kalikonse kumaoneka mkombero woyera, ndipo mkomberowo ukakula ndiye kuti IgG ndi wambiri. Njirayi ndi yodula ndiponso yochedwa, n'chifukwa chake pafamu amadalira kachipangizo ka m'thumba kaja. Matole akamafa osadziwika chifukwa, alimi a ku KwaZulu-Natal ali ndi kothawira: labotale ya boma ya Allerton ku Pietermaritzburg imayeza matenda a ziweto. 

Wina wochenjera pakati panu waona kale chovuta. Magazi amatengedwa patatha maola 24, koma pa maola 24 omwewo matumbo amakhala atatseka. Ndiye kuyezako kuli ndi phindu lanji, poti yankho limabwera mochedwa?

Funso limeneli ndi labwino, ndipo zoona zake n'zakuti kathole kolephera sungakabwezere m'mbuyo. Chimene mlimi angachite ndi kukasamala mwapadera: kukaika pouma ndi pofunda, kutali ndi matole odwala, kukapaka ayodini pamchombo, kukadyetsa bwino, ndi kuitana dokotala kakangoyamba kufooka, mpaka katapanga asilikali akeake m'masabata otsatira. Koma amene akuyesedwa kwenikweni pamenepa si kathole ayi. Ndi anthu. Dokotala satenga magazi a thole limodzi lokha. Amatenga a matole 12 kapena kuposa, n'kuona chithunzi cha famu yonse. Akatswiri a gulu la Lombard aja anati pafamu yoyenda bwino, matole oposa 40 pa 100 alionse azikhala m'gulu labwino koposa, ndipo a m'gulu loipa asafike 10 pa 100. Olephera akachuluka, mafunso amayamba. Kodi matole obadwa usiku amadikira mpaka kucha? Kodi ng'ombe zimakamidwa mochedwa? Zidebe ndi mabotolo amatsukidwa? Mwina mkaka umasungunulidwa ndi madzi owira? Akapeza pamene pakudontha n'kukonza, opindula ndi matole obadwa mawa ndi mkuja. Kwa ine, mlimi wolola kuti ntchito yake iyezedwe chonchi ndi wolimba mtima, chifukwa ambirife timakonda kunena kuti zonse zili bwino.

Kwathu ku Malawi, ku Bvumbwe, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, mabanja ambiri amaweta ng'ombe ya mkaka imodzi kapena ziwiri m'khola kuseri kwa nyumba, n'kumakagulitsa mkaka kumagulu a alimi. Banja lotere likataya thole limodzi lalikazi, lataya ng'ombe yokama ya mtsogolo, fizi ya sukulu ndi feteleza. Si onse amene angapeze refractometer, koma wotchi ndi botolo loyera la lita imodzi aliyense akhoza kukhala nazo. Mukapita kumudzi pa holide n'kupeza ng'ombe ya agogo yabereka, funsani mwaulemu kuti, "Agogo, kabadwa nthawi yanji? Kayamwa kale?" Ngati sikanayamwe, akuluakulu akame mkaka wachikasuwo n'kukamwetsa ndi botolo nthawi yomweyo. Za singano ndi magazi, zimenezo ndi za dokotala ndi alangizi a ziweto okha. Ndipo musayandikire ng'ombe yongobereka kumene muli nokha, imalusa.

Chimene mungayese nokha lero n'kuona kuwala kukupindika. Tengani matambula awiri agalasi ofanana. Mu ina thirani madzi okhaokha. Mu inayo thirani madzi ofunda, n'kusungunulamo shuga wambiri, mpaka atakana kusungunuka (pemphani kaye kwa amayi, shuga wakwera mtengo). Imikani pensulo mowongoka mu tambula iliyonse, chakumbali pang'ono osati pakati, ndipo muyang'ane cham'mbali maso anu ali pa mulingo wa madzi. Pensulo idzaoneka ngati yathyoka pamene yalowera m'madzi. Yerekezani matambula awiriwo mosamala, muone kuti yathyoka kwambiri ndi iti.